Didgeridoo yophunzirira: ya nsungwi, ya paipi kapena ya bulugamu?

Didgeridoo, chida choimbira chimene amachiliza pouzira, ndi chimtengo champhako basi. Ilibe zibowo zoikapo zala ngati chitoliro, ndipo mkati mwake mulibe kanthu kalikonse kogwedera. Liwu lonse limachokera pamilomo ya woliza. Ambiri akamva zimenezi amati iliyonse ndi yabwino bola ikhale ndi bowo, n'kuthamangira ya nsungwi yopakidwa timadontho tokongola. Pakatha miyezi iwiri amaipeza kuseri kwa chitseko itang'aluka kuyambira kumutu mpaka pakati, iwonso atafooka, akuti chidachi n'chovuta. Kawirikawiri vuto silikhala munthuyo ayi. Limakhala nsungwi yosakonzedwa bwino ndi kamwa la chidacho, bowo loikapo milomo, losayenera milomo yake.

Kwawo kwa chida chimenechi ndi kumpoto kwa Australia, makamaka ku Arnhem Land. Anthu a mtundu wa Yolngu amachitcha yidaki, pomwe chakumadzulo kwa dera lomwelo amati mako. Kumeneko amadula mtengo wa bulugamu umene chiswe chaudya mkati ukadali chiimire, ndipo mmisiri amayamba wagogoda thunthu kuti amve ngati lili ndi mphako. Koma musaone nsungwi ngati chinthu chachilendo pankhaniyi. Ku Northern Territory, chigawo chimene muli Arnhem Land, kumamera nsungwi yakomweko yotchedwa Bambusa arnhemica, ndipo eni ake ankaigwiritsanso ntchito. Chimene chaipitsa mbiri ya nsungwi ndi zamalonda. Zambiri zotsika mtengo zimene zili m'masitolo zimapangidwa ku Indonesia mothamanga, zina n'kulembedwa ngati zachokera m'manja mwa Aaborijini, eni nthaka a ku Australia. Mu 2019 khoti la ku Australia linalipiritsa kampani ya Birubi Art madola a kumeneko 2.3 miliyoni chifukwa chogulitsa zinthu zotere, kuphatikizapo ma didgeridoo. Ndiye utoto usakutengeni mtima.

Utali ndi kamwa ndiye poyambira

Musanasankhe pakati pa nsungwi, paipi ndi bulugamu, pali miyeso iwiri imene imalamula zonse. Woyamba ndi utali. Pa chida chowongoka chofanana kukula kumutu ndi kumunsi, masentimita pafupifupi 130 amatulutsa liwu la C, 117 la D, ndipo 104 la E (zilembozi ndi mayina a manotsi a nyimbo: C ndi lotsika, E ndi lokwerako). Chikatalika liwu limatsika, milomo imafunika kuilekerera kwambiri ndipo mpweya umatha msanga. Chikafupika milomo imafunika kulimba. Woyamba kumene amapeza bwino pakati pa C ndi E, ndipo D ndiye sasankha munthu. Chotalika masentimita 150 chimaoneka chaulemu pakhoma, koma wophunzira amangoti fuu, fuu, kamutu kakuzungulira.

Wachiwiri ndi kukula kwa bowo loikapo milomo, lomwe liyenera kukhala mamilimita 28 mpaka 32 mkati mwake. Likakula kuposa apo mpweya umathawira m'mbali mwa kamwa, ndipo likachepa milomo imasowa malo onjenjemerera. Palinso chimene oliza amachitcha backpressure, kutanthauza kukankha kumene mumamva pamilomo ngati chidacho chikukubwezerani mpweya. Mphako yopapatiza chakumtunda imakankha bwino ndipo imasunga mpweya. Mphako yotakata kuyambira kumutu imangomeza chilichonse chimene mwaipatsa.

Nsungwi

Ubwino wake ndi woonekeratu. Ndi yopepuka moti mwana amainyamula ndi dzanja limodzi, siidya ndalama zambiri, ndipo liwu lake ndi lofewa, lomveka ngati la mtengo. Totsalira ta mfundo mkatimo timapangitsa liwu kukhala ndi kanthetemya kamene paipi yosalala ilibe. Kuipa kwake kuli patatu: imang'aluka, imafumbwa, ndipo zambiri zogulitsa zimakhala ndi mphako yotakata kwambiri, masentimita 6 kapena 7, moti backpressure imachepa.

Pogula, iyang'anitseni kudzuwa ngati mukusuzumira m'botolo. Mfundo zikhale zobooledwa bwino, osati kabowo kakang'ono pakati pa chikhoma chosweka, chifukwa zoterozo zimatsamwitsa liwu. Menyani kumutu kwake ndi chikhatho: yabwino imayankha kuti bum, momveka kutali, pomwe yong'aluka imangoti phwa. Wina atseke kumunsi ndi dzanja, inu muuzire mwamphamvu. Mpweya ukamapita, pali podontha. Yendetsani chikhadabo m'litali monse, makamaka pafupi ndi mfundo ndi kumapeto, pamene ming'alu yopyapyala ngati tsitsi imabisala pansi pa utoto. Kenako igwedezeni mutaiimika pa pepala. Pakagwa kaufa koyera, mkati muli tizilombo kale, isiyeni. Sankhani ya mphako ya masentimita 4 kapena 5 ndi khoma lokhuthala ngati theka la sentimita kapena kuposerapo pang'ono.

Wofuna kudzipangira yekha adziwe kuti nsungwi zathu sizofanana. Yam'tchire ija, Oxytenanthera abyssinica, imakhala yokhuthala khoma, ina pafupifupi yopanda mphako, choncho siithandiza pokhapokha mutapeza yotakata mkati. Yobzala ija yachikasu yamizere yobiriwira, Bambusa vulgaris, ili ndi mphako yabwino koma tizilombo timaikonda koopsa chifukwa cha chakudya chimene imasunga m'thupi mwake. Dulani yokhwima, ya zaka zitatu mpaka zisanu, m'chilimwe. Bowolani mfundo ikadali yaiwisi ndi chitsulo chachitali chomangira konkire, mupalepale totsalira, muiviike sabata imodzi m'madzi osungunuliramo borax, mankhwala a ufa oteteza ku tizilombo, kenako iume pamthunzi podutsa mphepo kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kuiyanika padzuwa kuti iume msanga ndiye kuiphera pomwepo.

Paipi ya pulasitiki

Apa tinene chilungamo ngakhale chikhumudwitse okonda zokongola: pankhani yophunzira yokha, paipi yatsopano ya PVC ya mamilimita 40, yodulidwa pa masentimita 117, imaposa nsungwi zambiri za m'masitolo. Mphako yake ndi yopapatiza bwino, sidontha, sing'aluka, sifumbwa, ndipo mukhoza kuitsuka ndi sopo. Mukailakwitsa podula mwataya ndalama ya paipi basi. Ku Zurich, m'dziko la Switzerland, ofufuza anaphunzitsa anthu odwala matenda obanika kutulo kuliza didgeridoo kwa miyezi inayi, ndipo zotsatira zimene zinatuluka m'magazini ya zaumoyo ya BMJ zinasonyeza kuti kusinza masana kunachepa. Zida zimene ankaliza zinali zapulasitiki.

Chimene paipi imasowa ndi kukoma. Liwu lake ndi louma, lokhala ngati likuchokera m'ngalande, ndipo kulira kwa nyama kumene mumaponyamo ndi mawu anu sikumveka kwamoyo. Nthunzi ya mpweya imasanduka madzi mkati n'kumadontha kumunsi. M'mphepete mwake ndi mwakuthwa, choncho pamafunika sandipepala ndi phula. Ena amatenthetsa kumunsi n'kukanikizirapo botolo kuti kutambasuke ngati lipenga. Zimatheka, koma chitirani panja ndipo pulasitikiyo isapse, chifukwa utsi wa PVC ndi poizoni.

Bulugamu ndi zina

Yidaki yeniyeni ndi nkhani ina. Imayamba yopapatiza n'kumakula chakumunsi, mkati muli tinjira tokhotakhota tosiyidwa ndi chiswe, khoma ndi lolimba, motero liwu limatuluka lamphamvu ndipo limayankha msanga lilime likangosuntha. Koma imalemera makilogalamu angapo, mtengo wake ndi madola mazana, kutumiza kunja kwa Australia kumawonjezeranso, ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lakelake limene wophunzira sangathe kuliweruza pa chithunzi. Ndi chida chogula mutadziwa kale chimene milomo yanu imakonda, ndipo mugule kumene akutchula dzina la mmisiri ndi dera lake. Bulugamu wa m'minda yathu sangalowe m'malo mwake mwachidule. Sabwera ndi mphako, ndiye pamafunika kumung'amba pakati, kugoba mbali zonse ziwiri n'kumatanso ndi guluu, pomwe iyeyo amakonda kung'aluka pouma. Palinso zopangidwa ndi phesi la maluwa la zomera za mtundu wa khonje, zopepuka ndi zomveka kwambiri, koma zimadalira utomoni wa epoxy wozimata mkati ndi kunja.

Mfundo ina yoyenera kuidziwa ndi yakuti kwa eni ake yidaki ndi chida cha miyambo, ndipo m'madera ambiri amene amailiza pamwambo ndi amuna. Nyimbo ndi zojambula zina zili ndi mabanja ake, sizongotengera.

Kuliza: chida chiti chimakhululuka

Yambani opanda chida. Lekererani milomo, muuzire pang'ono kuti izinjenjemera kuti brrr, monga amachitira mwana akamayerekeza njinga yamoto. Kenako ikani pakamwa pa chidacho, kutsogolo kapena chakumbali pang'ono, mutseke bwino m'mbali. Likamveka liwu lokwera ngati la lipenga la mpira, milomo yalimba. Pakangomveka mphepo, mwatsegula kwambiri kapena mukuuzira mwamphamvu. Mpweya wofunika ndi wochepa, wongokwanira kugwedeza lawi la kandulo osalizimitsa. Liwu lapansi likakhazikika kwa masekondi 10 kapena 15, yambani kusuntha lilime ngati mukunena kuti iii, ooo, iii popanda kutulutsa mawu, ndipo mudzamva kaliwu kena kakuyenda pamwamba pa lapansilo.

Kupuma kosadukiza ndi kumene kumasiyanitsa zidazi. Chinsinsi chake ndi masaya. Mumasunga mpweya m'kamwa, n'kuufinya ndi masaya ndi lilime panthawi imene mukukoka wina pang'ono ndi mphuno. Yesani ndi madzi: dzazani m'kamwa, muziwatulutsa pang'onopang'ono ngati kamtsinje kwinaku mukupuma ndi mphuno. Zikatheka, tengani kapaipi komwera zakumwa, mukatsine pang'ono, muzitulutsa thovu m'tambula ya madzi osalekeza. Kutsinako ndiye backpressure ija. Paipi ya mamilimita 40 ndi yidaki yopapatiza kumutu zimakupatsani kukankha kotero, pomwe nsungwi yotakata imamaliza mpweya wa m'masaya musanakoke n'komwe wina. Ngati yanu ndi yotero, ichepetseni kamwa ndi phula mpaka mamilimita 28, ndipo phulalo lilowe mkati masentimita awiri kapena atatu. Zimathandizako ndithu. Kokani mpweya wochepa koma pafupipafupi, osadikira kuti m'mapapo mutheretu. Mphindi 15 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola awiri Loweruka lokha.

Phula lake likhale la njuchi. La kandulo limathetheka n'kugwa. Tengani lokula ngati dzira, muliviike m'madzi otentha oti dzanja likhoza kupirira mpaka lifewe, mulipote ngati chingwe chonenepa ngati chala, mulizunguze pamlomo wa chida n'kulikanikiza mkati ndi kunja. Salazani ndi chala chonyowa. Phula limasungunuka likafika madigiri 62 kapena kuposerapo pang'ono, koma limayamba kupindika kale lisanafike apo, choncho chida chosiyidwa m'galimoto yotseka mwezi wa Okutobala mudzachipeza kamwa litagwera mkati. Nsungwi imene kumutu kwake kuli kale mamilimita 30 sifuna phula, kungoisalaza m'mphepete basi.

Kusamala nsungwi

Paipi sifuna chisamaliro, bulugamu amafuna chochepa, koma nsungwi ndiye mwana wodwaladwala. Imang'aluka chifukwa mpweya wanu umanyowetsa mkati pomwe kunja kuli kouma, ndiye mkati mumafufuma, khungu lakunja n'kulephera kutsatira. Mankhwala ake ndi kumata mkati isanayambe ntchito. Tsekani mbali imodzi, thiranimo kapu imodzi ya vanishi kapena guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi pang'ono, muitembenuzetembenuze kuti zifike paliponse, mukhuthule zotsala, iume itaima masiku awiri kapena atatu, kenako mubwereze. Musaiwale kupaka pamapeto podulidwa paja, chifukwa chinyezi chimalowera ndi kutulukira pamenepo. Mangani chingwe cholimba cha nayiloni mokulunga kakhumi kapena kupitirira, kumutu, kumunsi ndi pakati pa mfundo, n'kupakapo guluu pamwamba.

Sabata ziwiri zoyamba musapitirire mphindi 15 patsiku. Mukamaliza, iimikeni kamwa lili m'mwamba kuti madzi atsike, ndipo musaitsekere m'thumba ikadali yonyowa, ingachite nkhungu. Isakhale pafupi ndi mbaula, pawindo lowomba dzuwa kapena pansi pa malata otentha, ndipo amene muli kumayiko ozizira muitalikitse ku zotenthetsera m'nyumba. Mwina munaonapo oliza a ku Arnhem Land akuthira madzi mu yidaki asanayambe. Pa bulugamu wokhuthala zimatseka timing'alu ndi kukometsa liwu, koma pa nsungwi yosamata mkati madziwo ndi amene amaing'amba ikamauma.

Mng'alu ukaoneka, musadikire mawa. Bowolani kabowo ka mamilimita awiri pamene mng'aluwo wathera kuti usapitirire, thiranimo epoxy wosakaniza ndi utuchi wosalala, mumange ndi chingwe mwamphamvu, muisiye tsiku lathunthu. Phula limatseka podontha kwa masiku ochepa chabe. Ngati mng'alu uli kumunsi kokha, nthawi zina chanzeru n'kungodula ndi sowo ya mano ang'onoang'ono, chapafupi ndi mfundo, mutakulunga tepi podulapo kuti nsungwi isanyenyeke. Ya masentimita 117 mukaichotsa 13 imachoka pa D n'kukhala E, ndipo milomo idzafuna masiku angapo kuti izolowere liwu latsopanolo.