Miyezi 14 ndi amplifaya yakale ya mawati 20

Tsiku limene ndinatsitsa home theatre pa shelefu, mayi a kunyumba anandifunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Chinthu cha masipika 5 ndi sabufa yake, cholembedwa 3000W PMPO pa katoni, ine n'kuchichotsa kuti ndiikepo amplifaya, kabokosi kotuwa kokuzira mawu, kokalamba kuposa ukwati wathu. Papita miyezi 14 tsopano, ndipo ndikhoza kunena zimene ndaona popanda kutengeka ndi chimwemwe cha katundu watsopano.

Ndalama zinali zochepa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zida zatsopano za m'sitolo ndimangoziyang'ana pa galasi. Choncho ndinapita ku kaunjika wa zamagetsi, uja wobwera m'makontena kuchokera ku UK, ndipo ndinapeza NAD 3020. Amplifaya imeneyi inayamba kugulitsidwa mu 1978 ndipo mphamvu yake yolembedwa ndi mawati 20 mbali iliyonse. Patatha mwezi ndinawonjezera masipika awiri a Wharfedale Diamond 9.1, ang'onoang'ono, a 6 ohms. Ndinasankha dala katundu wa ku UK chifukwa magetsi ake ndi ofanana ndi athu a 230V, pulagi yakenso ndi yomweyi ya mano atatu. Za ku Japan zimafuna 100V, za ku America 120V, ndipo ukangozilumikiza kukhoma popanda thiransifoma, utsi ndi umene umakuuza.

Nkhani ya mawati ndi imene inandivuta kufotokozera anzanga. PMPO ija, nambala ya mawati ya pa katoni ya home theatre, si muyeso woti n'kudalira, kampani iliyonse imawerengera mmene ikufunira. Kutsogolo kwa NAD kuli timagetsi tofiira tosonyeza mphamvu imene ikutuluka, ndipo madzulo ambiri pabalaza pathu kamayaka n'koyamba kokha, nako mophethira. Masipikawa amapereka 86 dB (muyeso wa kukula kwa phokoso) ndi wati imodzi ukaima mita imodzi kuchokera pamene ali, ndiye kuti wati imodziyo ndi phokoso lokwanira kukulepheretsa kumva wogogoda pachitseko. Kuwirikiza mawati kawiri kumangowonjezera 3 dB, kusintha kumene khutu limamva pang'ono chabe.

Koma chimene chinasintha mawu kwambiri sindinachigule m'sitolo ayi. Masabata oyamba ndinakhumudwa. Masipika ndinawaika m'kabati ya TV, ogundana ndi khoma, ndipo bezi inkangoti bu bu bu, mawu a woimba ali ngati akuchokera m'mgolo. Nyumba yathu ndi ya simenti pansi, makoma osalala, mawu amangonjanja paliponse. Ndinapita kwa wowotcherera wa m'dera lathu n'kumujambulira miyendo iwiri ya paipi, yotalika masentimita 60, ndipo m'kati mwake tinathiramo mchenga wouma. Masipika ndinawasuntha kuchoka kukhoma pafupifupi phazi limodzi ndi theka, n'kuwapendeketsa pang'ono kuloza pampando wanga, pakati n'kuyala kapeti yakale imene inali kuchipinda. Usiku umenewo ndinaika nyimbo ya kwaya imene ndaimva kambirimbiri. Kwa nthawi yoyamba ndinatha kuloza ndi chala pamene paima azimayi a soprano ndi pamene pali abambo a bezi, ndinamvanso wina akukoka mpweya asanayambe ndime. Mayi anatuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja, anaima kaye, n'kungoti, "Bambo, bwerezaninso imeneyo." Za mutu wanga sanafunsenso.

Mavuto alipo, ambiri ndi a ukalamba ndi fumbi. Mu Okutobala, kukutentha, kabatani ka voliyumu kanayamba kukhetcherera ndipo mbali ya kumanzere inkazima n'kubweranso. Amplifayayo ndinainyamula kupita nayo kwa mkulu wina wokonza mawailesi ku Ndirande. Anatsegula, anapopera mankhwala otsukira m'mabatani, kenako anandionetsa makapasita awiri otupa pamwamba ngati mandasi. "Achimwene, izi zagwira ntchito zaka zoposa 40, zisiyeni zipume," anatero akuwotcha chitsulo chake. Anasintha akuluakulu onse, ndipo kaphokoso kong'ung'udza kamene ndinkaganiza kuti ndi chibadwa chake kanatheratu. Ogula chida chakale chonchi aziikiratu padera ndalama ya mkulu ngati ameneyu.

Kachipangizo ka Bluetooth kotchipa kamene ndinalumikiza ku AUX kanapsa tsiku lina magetsi atabwera mwamphamvu atazima. Amplifaya inapulumuka chifukwa inali yozimitsa. Mawa lake ndinagula fridge guard, ija imadikira kaye mphindi zingapo isanalole magetsi kudutsa, ndipo zonse zimadyera pamenepo. Ndikanayamba ndi imeneyo. Za mawaya okwera mtengo musandiuze, ine ndikugwiritsa ntchito waya wamba wa kopa wa 2.5mm wa ku hadiweya.

Zimene ndikusowa ndi ziwiri. Rimoti palibe, ndiye foni ikalira umadzuka. Ndipo bezi yogwedeza mawindo ija, imene ana ankaikonda pa amapiano, masipika aang'onowa sangaifikire. Pa chinkhoswe cha mphwanga anthu anabwera kudzabwereka zoimbira, ndinawapatsa home theatre yakale ija, inagwira bwino ntchito ya pabwalo ndipo mpaka lero sinabwerere. Sindinaitumizire uthenga.

Nyengo ya mvula yandiphunzitsanso kuti palibe amplifaya yopambana malata opanda siling'i. Mvula ikagwa yamphamvu ndimangozimitsa n'kudikira. Ndalama imene ndinkasungira CD player ndaganiza zogulira mabodi a siling'i ya pabalaza, kalipentala abwera Loweruka kudzayeza.