Fleabane: botolo lomwe linandinamiza ndi lomwe linandiphera dimba

Mwezi uno wokha anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi: tipopere chiyani pa fleabane? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe kamodzi pano. Ndikunena udzu uja akatswiri amautcha Conyza, womwe ukangomera umayala timasamba taubweya pansi, kenako n'kutulutsa tsinde lalitali lodzaza timbewu touluka ndi mphepo. Tsinde limodzi limatha kubereka timbewu toposa 100,000, ndipo timamera pokhapokha tikakhala pamwamba penipeni pa dothi. N'chifukwa chake udzuwu umakondwa m'minda ya mtayakhasu, momwe dothi sititembenuza.

Ndinayamba ndi glyphosate yekha, mankhwala opha udzu aja, ngati wina aliyense. Ndinachedwa kupopera, udzu utafika kale m'mawondo. Patatha milungu iwiri nsonga zinachita chikasu, ine n'kumayenda m'munda monyadira. Pofika sabata yachinayi, pomwe panali tsinde limodzi panaphuka nthambi zisanu m'mbali, zobiriwira bii. Ndinabwerera kwa amene anandigulitsa, iwo n'kungoti, "Bwana, onjezerani muyezo." Ndinaonjezera, ndinapoperanso, ndipo zomwe zinatha ndi ndalama zanga basi.

Pambuyo pake ndi pomwe ndinamva kuti nkhaniyi ndi yakale. Conyza wosamva glyphosate anapezeka koyamba m'minda ya soya ku Delaware, ku America, m'chaka cha 2000. Ku South Africa anamupeza mu 2003, ku Australia mu 2010. Udzu wotere umatsekera mankhwalawo m'tizipinda ta m'maselo a masamba, osafika kunsonga ndi kumizu komwe amayenera kukapha. Ngakhale fleabane yemwe sanayambe kupirira mankhwala, akakula masamba ake amakhala ang'ono ndi aubweya, timadontho sitikhazikikapo, pomwe muzu walowa kale pansi. Mukaphatikizapo madzi amatope kapena a laimu wambiri, omwe amafooketsa glyphosate m'sipuleya momwemo, ndiye kuti mukungothirira udzu. Glyphosate sindinamutaye, amandiphera maudzu ena. Koma pa fleabane, payekha, sindidzamukhulupiriranso.

Yemwe ndimamukhulupirira ndi 2,4-D, ndipo ndikuvomera kuti ndimamukondera. Amanamiza chomera cha masamba otambalala (osati ngati a chimanga) kuti chikule mosalongosoka mpaka chipotoke n'kufa. Ndikamusakaniza ndi glyphosate, n'kupopera fleabane akadali woyala pansi, wosaposa chikhato, ambiri safika potulutsa tsinde. Alipo wa mitundu iwiri, amine ndi ester. Ester amalowa bwino m'masamba, koma kukatentha amasanduka nthunzi n'kukagwera m'munda wa eni ake. Thonje, phwetekere, fodya ndi mphesa sizichedwa kupiringizika ngakhale ndi kafungo chabe, ndiye ine ndimagula amine kuti ndizigona tulo. Sipuleya yake ndi yake yokha, siikhudza mbewu zamasamba. Ngati mukufuna kubzala soya, werengani pa lebulo masiku oyenera kudikira, musawerengere pamutu.

Udzu ukakulirako, kupopera kamodzi sikukwana. Alimi a ku Australia ndi amene anatchukitsa njira yomwe amaitcha double knock: mumayamba ndi glyphosate wosakaniza ndi 2,4-D, pakatha masiku 7 mpaka 14 n'kubweranso ndi mankhwala owaula masamba kuti mumalize zomwe zikufuna kudzuka. Ambiri amagwiritsa ntchito paraquat, ndipo kunena zoona amagwira. Koma paraquat alibe mankhwala othetsa poizoni wake. Kungomeza pang'ono amawononga mapapo, madokotala n'kusowa pogwira. Mayiko a European Union anamuletsa mu 2007, Brazil mu 2020. Pakhomo pomwe pali ana, botolo lotere ine ayi. M'malo mwake ndimapopera glufosinate, yemwe ndi wokwera mtengo komanso wamanyado: amafuna dzuwa, kutentha, chinyezi mumpweya ndi madzi ambiri kuti tsamba lililonse linyowe. Mukapopera kuli kozizira ndi mitambo, mudzadandaula.

Saflufenacil amawaula mwachangu zedi, bola muthiremo mafuta omwe lebulo yatchula, koma fleabane wamkulu amaphukanso kutsinde. Atrazine ntchito yake ndi ina, amatchinga timbewu tomwe tisanamere m'munda wa chimanga kapena mapira. Amafuna mvula kuti alowe m'dothi, ndipo chaka chouma amatsalira n'kudzavulaza nyemba kapena mtedza wotsatira.

Tsopano ndifike pomwe pamandiwawabe mumtima: clopyralid.

Pa fleabane weniweniyo sindingamunyoze. Amadana kwambiri ndi zomera za banja la mpendadzuwa, ndipo fleabane ndi wa banja lomwelo. Ndinapopera m'chimanga muyezo wochepa chabe, udzu womwe unandivuta zaka ziwiri n'kugwada. Chimanga sichinamve kanthu. Ndinauza aliyense kuti ndapeza yankho, mwinanso ena a inu munandimva ndikumuyamikira.

Nditakolola, mapesi ndinapatsa ng'ombe monga mwa masiku onse. Ndowe ndinaunjika, zinawola bwino miyezi ingapo, manyowa akuda okongola. Ndinawathira m'dimba, ndinawokera phwetekere, mbali ina ndinabzala nyemba. Milungu itatu isanathe, nsonga za phwetekere zinayamba kupindikira m'kati ngati tisupuni, masamba atsopano n'kumatuluka opyapyala ngati ulusi. Nyemba zinamera zopuwala. Ndinaganiza kuti ndi matenda ofalitsidwa ndi tizilombo, ndinagula mankhwala a nsabwe, ndinapopera kawiri. Ndinazula zomwe zinkaoneka zodwala kwambiri kuti zisapatsire zinzake. Palibe chinasintha. Chomwe chinanditsegula maso ndi mzere umodzi wa kumapeto komwe manyowa anandithera: phwetekere wa kumeneko anali wathanzi, akuchita maluwa.

Clopyralid sawola msanga akakhala m'mapesi kapena m'udzu wouma. Ng'ombe ikadya, amangodutsa m'mimba n'kutuluka m'ndowe ndi mumkodzo ali ndi mphamvu zake, ndipo mulu wa manyowa samuphwanya mokwanira. Kachigawo kochepetsetsa n'kokwanira kuwononga phwetekere, mbatatesi, nyemba, nsawawa ndi mpendadzuwa. Ngakhale m'munda momwe munapoperamo, mbewu za mtundu wa nyemba zimayenera kudikira miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Zonsezi zinalembedwa pa lebulo, m'timalemba tating'ono ta kumbuyo tomwe sindinawerenge, ndipo wondigulitsa uja sanandifunse n'komwe ngati ndimaweta ng'ombe. Mlandu tigawane, wina wanga wina wake. Koma mtengo weniweni wa botolo lija sunali womwe ndinalipira pakauntala. Ndinataya dimba la nyengo yonse, ndinataya mulu wa manyowa, ndipo chigawo chija ndinachita kuchibzala chimanga kuti chisangokhala. Picloram nayenso ali ndi khalidwe lomweli, ndiye mukaona dzinali pa botolo losakaniza, funsani kawiri.

Masiku ano manyowa aliwonse ndimayamba ndawayesa. Ndimasakaniza pang'ono ndi dothi m'tizitini tiwiri titatu, kachitini kena ndimaika dothi lokha, ndimabzala nyemba zingapo monsemo. Pakatha milungu itatu masamba oyamba enieni amandiuza zoona.

Ndiye kwa anzanga atatu aja, ine ndimachita chonchi. Ndimayendera munda mvula yoyamba ikangodutsa, fleabane akadali wogona pansi, n'kupopera glyphosate ndi 2,4-D amine, m'madzi oyera. Patatha masiku khumi ndimabwera ndi glufosinate, tsiku la dzuwa. Atrazine ndimathira pokhapo pomwe ndikudziwa kuti chaka chamawa padzakhalanso chimanga. Zomwe zapulumuka n'kutulutsa tsinde sindiziwonongeranso mankhwala, zimenezo ndi za khasu, ndipo ndimadula pansi pa khosi la muzu maluwa asanayere. M'malire a munda ndi m'mbali mwa njira ndimalimbikira kwambiri, poti timbewu tambiri timachokera kumeneko.

Wina anganene kuti clopyralid ndikumulakwira, poti pa mankhwala onsewa ndi yemwe anapha fleabane bwino koposa. Mwina n'zoona, ndipo kwa munthu wolima chimanga chokhachokha, wopanda khola, wopanda dimba, angamuthandize. Theka la botolo lomwe linatsala ndinapatsa mnzanga wotere, lebulo yake ili pomwepo. Miyezi ingapo itadutsa anabwera kudzandiuza mokondwa kuti munda wake wayera, ndipo mapesi ali mbwee, ngati ndikuwafuna a ng'ombe ndikatenge kwaulere. Ndinamuthokoza, ndinakana.