Mpeni wa kuthengo: Mora, ESEE, Fällkniven kapena wa kwa wosula?

Chiyambireni kukwera phiri la Mulanje ndi anzanga a kuntchito, funso ndi lomwelomwelo: "Achimwene, tigule mpeni wanji?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye aliyense adziwerengere yekha apa. Ndikunena mpeni wosapinda, uja umakhala m'chimake, osati Okapi. Okapi ndimamupatsa ulemu wake, wasenda nzimbe zambiri kuno kwathu, koma mpeni wopinda uli ndi polumikizira, ndipo kugwedera kumayambira pomwepo.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Mpeni wanga woyamba ndinaugula musitolo ina m'tauni chifukwa cha maonekedwe basi: wakuda bii, wautali ngati wa m'mafilimu a nkhondo, kumsana kuli mano ngati sowo. Chigwiriro chake chinali champhako, mkati muli machesi, mbedza ndi ulusi, pachivundikiro pali kampasi. Tinafika ku nyumba yogona ya Thuchila chiperoni chitavundikira phiri lonse, nkhuni zili chinyontho chokhachokha. Ndinati ndiwaze chikuni chimodzi kuti tipeze pouma pa mkati. Ndinaika mpeni pamwamba pake, n'kumenya kumsana ndi mtengo wina. Kamodzi, kawiri, kachitatu thyo! Mpeni watsala m'chikuni, chigwiriro chili m'manja mwanga. Nditayang'anitsitsa ndi tochi, chitsulo cholowa m'chigwiriro chinali chachifupi ngati nsonga ya chala, chogwidwa ndi kanati kamodzi ndi guluu. Bambo amene anatinyamulira katundu sanaseke. Anangotenga chikwanje chawo, kuwaza chikunicho, kenako n'kunena motsitsa mawu kuti, "Kampasiyo sungani bwana, mwina ija ndi yabwino."

Kuyambira usiku umenewo, ndikagwira mpeni sindiyamba ndayang'ana kuthwa. Ndimayang'ana mchira wa chitsulo, uja umalowa m'chigwiriro, umene ogulitsa amalemba kuti tang. Pa ESEE 4 chitsulo ndi chimodzi kuyambira kunsonga mpaka kumapeto, mbali ziwiri za chigwiriro zangomangidwa uku ndi uku, moti mumachiona ndi maso kuzungulira konse. Morakniv Garberg, amene anatuluka mu 2016, nayenso mchira wake umadutsa chigwiriro chonse n'kutulukira kumbuyo, ngakhale wakutidwa ndi pulasitiki. Fällkniven F1 chimodzimodzi, kachitsulo kamasuzumira kumapeto. Morakniv Companion ndiye wosiyana: mchira wake ndi wopyapyala ndipo sufika kumapeto, umangopitirira theka la chigwiriro, pulasitiki n'kuumbidwa mougwira. Anthu a pa intaneti amamunyoza pa chifukwa chimenechi. Ine ndamugwiritsa ntchito zaka zingapo, kusema zikhomo za tenti, kutumbula chambo, kung'amba tinkhuni tonenepa ngati dzanja la mwana, sanagwederepo. Mchira wofika pakati ndi wosiyana kwambiri ndi kanati kaja. Chigwiriro champhako chotchipa chokha ndicho ndikuti thawani, ngakhale akupatseni ndi basera.

Za chitsulo, nkhani ndi dzimbiri. ESEE 4 wodziwika uja ndi wa chitsulo cha 1095, chosavuta kunola, cholimba mtima, koma chokonda dzimbiri. Amachipaka utoto wokhuthala, komabe kukamwa kwa mpeni kulibe utoto. Muduleni tomato kapena ndimu, mumubwezere m'chimake osapukuta m'nyengo ya dzinja, mawa lake mupeza madontho ofiira. Ngati ndinu munthu wopukuta ndi kudzoza mafuta ophikira madzulo alionse, palibe vuto. Ine ndimadzidziwa, ndikatopa ndimangogona. Nchifukwa chake Companion wanga ndi wa chitsulo chosachita dzimbiri cha 12C27, ngakhale alipo wina wa chitsulo cha kaboni, chomwe chimachita dzimbiri. Garberg wosachita dzimbiri ndi wa 14C28N. F1 wodziwika uja ali ndi chitsulo cha VG10 pakati, chokutidwa ndi chitsulo chofewerapo mbali zonse. Wopita kunyanja, ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay, asavutike n'kuganiza, atenge wosachita dzimbiri.

Kunola ndiye pomwe Mora amandigwira mtima. Mipeni ya ku Mora, tauni ya m'chigawo cha Dalarna ku Sweden komwe mafakitale a mipeni anayamba kale cha m'ma 1891, imasongoledwa mwa mtundu umene amati scandi: kuphwatalala kumodzi kotakata kotsetsereka mpaka kukamwa. Mumangogoneka kuphwatalalako pa mwala wonolera, n'kumakankha. Simufunika kulingalira kuti ndipendeketse bwanji, mpeniwo umakuuzani wokha. Mwana wa mlongo wanga anaphunzira tsiku limodzi. F1 ndi wina: m'mbali mwake ndi mokhota pang'onopang'ono ngati nkhwangwa, VG10 ndi youma, ndiye pamwala wamba wa kuseri kwa khitchini mutuluka thukuta, mwinanso n'kuwononga mkhoto uja. Ndi mpeni wabwino zedi, asilikali a ndege a ku Sweden anausankha mu 1995, koma umafuna mwala wake wa dayamondi ndi dzanja lozolowera. Ndinabwerekapo wa mnzanga, ndinaubweza msanga poopa mlandu.

Kunenepa kwa chitsulo: Companion wosachita dzimbiri ndi mamilimita 2.5, Garberg 3.2, F1 4.5, ESEE 4 pafupifupi 4.8. Wonenepa amawaza bwino, koma pa anyezi amang'amba m'malo modula. Ka-Bar Becker BK2, wa mamilimita oposa 6 ndi kulemera pafupifupi magalamu 450, sindimuwerengera n'komwe. Kusenza chitsulo chotere kupita ku Sapitwa, mamita 3,002, pomwe chikwanje cha pamsika chimagwira ntchitoyo mwachangu, n'kudzizunza.

Tsopano ndalama, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapsa. Mtengo umene mukuona pa webusaiti si umene mpeni ufikire m'manja mwanu. Onjezani zotumizira, onjezani msonkho wolowetsera katundu, onjezani mmene dola lilili tsiku limenelo. Garberg wanga ndinachita kuitanitsa, ndipo pomwe ndinkamutenga ndinali nditalipira ndalama zoti nditawerengera ndinangoti kukamwa yasa, sindinauzenso mayi a kunyumba. Companion ndinatuma mlamu wanga wochokera ku Joni, anabwera m'chikwama cha zovala. ESEE amatamandidwa kuti mpeni wa 1095 ukathyoka amakupatsani wina osafunsa mafunso, ndipo n'zoona, koma muyenera kutumiza wothyokayo ku America. Kwa munthu wa ku Zomba, lonjezo limenelo likhala ngati nyama ya m'loto. Pa ndalama ya F1 mmodzi mutha kugula ma Companion oposa asanu, ndipo mpeni wa kuthengo nthawi zambiri sufa n'kuthyoka, umatayika. Umatsala pamwala pomwe munadyera, kapena wina amabwereka osabweza.

Pali winanso amene ma webusaiti sadzakuuzani: mpeni wa kwa wosula. Amisiri athu amasula mipeni ndi zikwanje kuchokera ku masipuling'i a galimoto, chitsulo chabwino ndithu. Vuto ndi kaumitsidwe, chifukwa aliyense amayeza moto ndi maso. Wina amatuluka wofewa, umabuntha mukangosenda chinangwa. Wina wouma mopitirira, umabenthuka ukagunda mfundo. Pitani ndi tupa m'thumba. Ikadya kukamwa kwa mpeni mosavuta ngati ikudya msomali, ndi wofewa, usiyeni. Ikamatsetsereka n'kumangokanda pang'ono, ameneyo ndiye. Uzani mmisiriyo kuti chitsulo chidutse chigwiriro chonse ndi misomali iwiri kapena itatu, chimake akusokereni osoka nsapato. Wanga wotere amachita dzimbiri ngati khasu, koma ndi amene ndimabwereketsa popanda mtima kugunda.

Ndiye mukandifunsa, ndinena Companion wosachita dzimbiri, pambali pake chikwanje. Ndikudziwa kuti ndikukondera, ndi amene anandichotsa manyazi a ku Thuchila. Sankhani wa chigwiriro cha mtundu wowala ngati lalanje, wobiriwira uja akagwera mu udzu mudzamusaka mpaka dzuwa kulowa. Chinthu chimodzi chomwe alibe: kumsana kwake n'kosasongoka, moti satulutsa moto pa kachitsulo koyatsira moto kamene umakapala ndi msana wa mpeni, pomwe Garberg amabwera atakonzedwa kale. Ine ndinangopala kumsanako ndi tupa mphindi zochepa, zinatheka. Garberg ndi wa munthu amene akufunadi mpeni umodzi woti azimenya ndi chikuni tsiku ndi tsiku. ESEE ndi wa amene ali ndi m'bale ku America. Ndipo uliwonse mungagule, m'tauni ukhale pansi pa chikwama, osati m'chiuno, ndipo pokwera ndege muuike m'katundu wopita kunsi. Wanga Garberg uja, nditamulipira zonsezija, maulendo ambiri amatsala m'kabati.