Ndemanga: Ulendo wa maola atatu ndi woperekeza alendo ku Gettysburg, motsata gulu la 20th Maine

Nyenyezi 4 mwa 5. Ulendowu ndi wa iwo amene akufuna kumvetsa bwino mmene gulu limodzi la asilikali oyenda pansi, la 20th Maine la mbali ya Kumpoto, linamenyera nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya pakati pa Kumpoto ndi Kummwera, osati ongofuna kujambulitsa pa zipilala. Kulowa m'bwalo la nkhondoli nkwaulere. Chomwe mumalipira ndi woperekeza wokhala ndi chiphaso cha boma, ntchito yomwe boma la America linayamba kuperekera ziphaso mu 1915. Mumakumana naye pa nyumba yolandirira alendo ya pa Baltimore Pike, ndipo amayendetsa yekha galimoto yanu kuti inu maso akhale panja. Kuchokera ku Washington ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo sitima ya anthu sifikako.

Ulendo wanthawi zonse ndi wa maola awiri ndipo umazungulira masiku onse atatu a nkhondoyi, kuyambira pa 1 mpaka pa 3 Julayi 1863. Ukatenga umenewo, pa kaphiri ka Little Round Top, pomwe 20th Maine inamenya nkhondo pa 2 Julayi, ungoimapo pang'ono basi. Nenani posungitsa malo kuti mukufuna maola atatu, ndipo tchulani dzina la gululo, kuti woperekezayo abwere atakonzeka ndi mapu ake.

Mbiri ya gululi anaifotokoza m'galimoto mwachidule, monga zinayenera. Linakhazikitsidwa kufupi ndi Portland kumapeto kwa Ogasiti 1862 pansi pa Colonel Adelbert Ames. Pa nkhondo ya ku Antietam linangodikira kumbuyo. Moto weniweni linaulawa ku Fredericksburg mu Disembala 1862, komwe asilikali anagona usiku pamtetete pakati pa mitembo. Ku Chancellorsville silinamenye nawo chifukwa katemera woipa anabweretsa nthomba m'gulumo. Mu Meyi 1863 linalandira amuna pafupifupi 120 a gulu la 2nd Maine omwe ankakana kupitiriza usilikali anzawo atabwerera kwawo, ndipo Joshua Chamberlain, yemwe kale ankaphunzitsa pa Bowdoin College ndipo apa nkuti atalowa m'malo mwa Ames kutsogolera gululi, ndi amene anawanyengerera kuti atolenso mfuti. Popanda amenewa, mzere wa pa 2 Julayi ukanakhala waufupi kwambiri.

Phindu lenileni limayamba mukatsika galimoto pa Wright Avenue. Alendo ambiri amathamangira pamwamba pa kaphiriko, pomwe pali chifanizo cha General Gouverneur Warren, mkulu wa mainjiniya a asilikali a Kumpoto, ndiponso pooneka chigwa chonse. 20th Maine sinali pamenepo ayi. Inali kummwera, m'nkhalango, pamalo a miyala otsetserekera ku mpata wa pakati pa kaphiriko ndi Big Round Top. Colonel Strong Vincent anandanda magulu ake anayi motere kuchokera kumanja: 16th Michigan, 44th New York, 83rd Pennsylvania, ndiye 20th Maine kumapeto kwenikweni kumanzere. Kupitirira apo kunalibenso wina. Woperekeza wathu anatiimika pa mwala wosonyeza mapeto a kumanja, kenaka nkutiyendetsa wapansi mpaka pa wa kumanzere. Ndi mtunda waufupi modabwitsa, koma sukhoza kuona mbali zonse ziwiri uli pamalo amodzi. Ukawonjezapo utsi wa onga, umamvetsa chifukwa chake amene analipo anadzasiyana mawu pambuyo pake.

Chamberlain ataona kuti adani akuzembera kumanzere, anatambasula asilikali ake kukhala mzere umodzi wopyapyala, nkupinda theka la kumanzere chammbuyo, ngati chigongono. Chipilala cha gululi chili pafupi ndi pomwe panali popindikapo, pomwe Sajeni Andrew Tozier anaima ndi mbendera. Msilikali aliyense anali ndi zipolopolo 60. Mfuti zake zinali zothirira kukamwa, zoombera kawiri kapena katatu pa mphindi ngati munthu ndi wozolowera, ndipo zikatentha ndi kudzaza mwaye wa onga, kutsendera chipolopolo kunkavuta. Nkhondo ya pamalowa inatenga nthawi yoposa ola. Werengani nokha muone kuti zipolopolo zinayenera kutha, ngakhale atatola za akufa ndi ovulala. Apa mpamene anaika mipeni kunsonga kwa mfuti nkutsikira adani chothamanga.

Chomwe chinandisangalatsa nchakuti woperekezayo sanatigulitse nthano ya ngwazi imodzi. Anatiuza kuti Ellis Spear, yemwe ankatsogolera mbali yopindidwayo, anadzanena kuti sanamve lamulo lililonse loti athamangire adani, ndiponso kuti ena amati Lieutenant Holman Melcher ndiye anayamba kudumphira kutsogolo. Anatitengeranso pa kanjira kolowera kummawa, mamita oposa 100, pomwe pali mwala wa Company B, kagulu kamodzi ka mu 20th Maine. Captain Walter Morrill anatumidwa kumeneko ndi kaguluko nkhondo isanayambe, nabisala kuseri kwa mpanda wa miyala pamodzi ndi akatswiri owombera ochepa. Adani akubwerera mmbuyo, anthu amenewa anadzuka nkuwaombera chakumsana, moti iwo anaganiza kuti kwafika gulu lina lalikulu. Alendo ambiri safika pamwalawu chifukwa suoneka uli pamsewu. Muumirire kuti akupititseni.

Chenjerani ndi zomwe maso akuona. Mipanda ya miyala yomwe ili pamzere wa 20th Maine lero kunalibe pa nthawi ya kumenyanako. Inamangidwa nkhondo ya madzulowo itatha. Misewu yomwe inalambulidwa zaka za pambuyo pake inasinthanso kutsetsereka kwa malowo, ndipo kaphiriko kanatsekedwa kuyambira mu Julayi 2022 mpaka mu Juni 2024 kuti akonze tinjira ndi poimika magalimoto. Munthu woyenda yekha angaganize kuti asilikali ankaombera atabisala kuseri kwa mipandayo. Pa chifukwa ichi chokha, ndalama ya woperekeza sipita pachabe.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha mbali ya Alabama. Gulu la Kummwera lomwe linkaukira, la 15th Alabama pansi pa Colonel William Oates, linali litayenda makilomita pafupifupi 40 tsiku lomwelo kuchokera ku New Guilford. Amuna 22 omwe anatumidwa kukatunga madzi ndi mabotolo a anzawo sanabwerere, choncho gululi linakwera Big Round Top ndi kummero kouma, nkutsikanso, kenaka nkuyamba kukwera kaphiri kena likuomberedwa. Mchimwene wake wa Oates, John, anavulala pamenepo mpaka kufa. Zonsezi tinazimva titaima pamwamba, pomwe zimayenera kumveka munthu akukwera yekha kuchokera kumunsi, mawondo akuwawa. Nthawi inatha tisanatero. Ngati miyendo ilipo, pemphani kuti muyambire kumpatako kukwera chakumtunda, mbiri ya m'galimoto ifupikitsidwe. Pamwamba pa Big Round Top palinso chipilala china cha 20th Maine, poti gululi linakwera kukagwira phirilo usiku womwewo, koma njira yake ndi yotsetsereka zedi ndipo imafuna nthawi yakeyake.

Pa ziwerengero, woperekezayo anachita bwino kutiwerengetsa chipilala chenichenicho: amuna 358 analowa m'nkhondo, 38 anafa pomwepo kapena ndi mabala, 93 anavulala, ndipo anagwira adani 308. Anachenjeza kuti chiwerengero cha ogwidwacho chimasiyana malinga ndi amene akufotokoza. Anawonjezera kuti pa nkhondo yonse, mpaka ku Appomattox, komwe gulu lalikulu la asilikali a Kummwera linagonja mu 1865, gululi linataya amuna 147 ndi zida ndipo 146 ndi matenda. Vincent mwini wake anavulala madzulo omwewo mbali ya kumanja kwa kaphiriko namwalira pa 7 Julayi, ndipo mbali imeneyo inapulumutsidwa ndi 140th New York ya Patrick O'Rorke, yemwe anafera pomwepo. Woperekeza wosatchula zimenezi wakupatsani theka la nkhani.

Valani nsapato zogwira pansi, chifukwa miyala yake imaterera kukagwa mvula. Valani thalauza lalitali ndipo mudzifufuze nkhupakupa mukabwerako, poti za kuderali zimafalitsa matenda a Lyme. Madzi tengani anu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi poimika galimoto pamadzaza msanga, ndiye sungitsani ulendo wa mmawa. Koma amene akufuna kuona kuwala monga kunalili pa nthawi ya nkhondoyo asankhe wa chakumadzulo. Makina ofufuzira zitsulo ndi oletsedwa, ndipo kutola kanthu kalikonse kakale, ngakhale chipolopolo chimodzi, ndi mlandu.