Howl's Moving Castle: ambuya anakana kuti ndi za ufiti, koma ndiwo anatsala pa sikirini

Nyenyezi 4 pa 5. Ndafotokoza pansipa pomwe imodziyo yatayikira.

Tinaonera filimu iyi Loweruka usiku kunyumba kwathu ku Chilenje, pa Netflix, anthu asanu ndi mmodzi pa laputopu imodzi chifukwa malaiti anali atapita kuyambira masana. Mwayi wake ndinali nditaidaunilodiratu kunchito, ndiye langizo loyamba ndi limenelo, filimuyi ndi ya maminitsi 119, pafupifupi maola awiri, mukati muonere pa bandulo ya pa foni mulira. Tinalipo ine, atate a ana, ana anga awiri wina wa zaka 7 wina 11, mwana wa akulu anga yemwe ali ku koleji ndipo ndiye anatikakamiza kuti tionere chifukwa anawerenga buku lake, komanso amai anga omwe anabwera kuchokera ku Chipata kudzaonana ndi adokotala pa nkhani ya mawondo.

Kwa amene simuidziwa, ndi katuni ya ku Japan ya 2004, anaipanga ndi Hayao Miyazaki wa ku Studio Ghibli, koma nkhani yake anaitenga m'buku la mayi wa ku Britain Diana Wynne Jones lomwe linatuluka mu 1986. Mtsikana dzina lake Sophie wa zaka 18 amasoka zipewa mu shopu yomwe anasiya atate ake, tsiku lina usiku mfiti yaikazi imalowa mu shopumo nkumutemberera, basi kuyang'ana pa kalilole wasanduka nkhalamba ya zaka 90. Amathawa kwao nkukapezeka m'chinyumba choyenda ndi miyendo cha Howl, mnyamata wamatsenga amene tauni yonse imanena kuti amadya mitima ya atsikana.

Amai atangomva mawu oti mfiti ndi matsenga anadzuka pampando ati ine zimenezo ayi, mukuphunzitsa ana zinthu zanji. Ndipo sindiwanena, ambiri tinakula choncho, ngakhale anzanga a kutchalitchi nditawauza mawa lake ena anandiyang'ana ndi diso lina. Ndiye ndinene poyera kwa makolo anzanga, inde muli mfiti, muli matsenga, muli ka moto kolankhula dzina lake Calcifer komwe mufilimumo amakatcha chiwanda. Ngati pakhomo panu zimenezi simulola ndiye musayambe nkomwe. Koma zotukwana mulibe, ndipo za magazi ndi za kuvula nzochepa kwambiri.

Amai anakakhala pakhomo la kukhitchini pafupi ndi mbaula ati akuotha, koma ine ndimaona khosi likutembenuka. Chomwe chinawakoka ndi pomwe Sophie wangokalamba kumene, akudzuka pabedi msana kulira kuti gwede, kuyenda pang'onopang'ono, mphepo kumulowa m'mafupa, kukhala pansi kudya buledi ndi tchizi ali wefuwefu nkuona kuti tauni yomwe wachokera idakali pompo. Ndinangomva kumbuyo kwanga amai akuti eya, ndi mmene zimakhalira zimenezo. Patapita nthawi pang'ono anakoka mpando.

Ndipo apa ndiye pamene filimuyi inandigwira mtima ine. Makatuni ambiri omwe ana anga amaonera nkhalamba imakhala yoseketsa kapena yoipa, imalowa mphindi ziwiri nkutuluka. Muno nkhalamba ndiye mwini filimu. Sophie atafika m'chinyumbamo amapeza uve wosaneneka, mbale zosatsuka, akangaude paliponse, phulusa lodzaza pa moto, iye osafunsa munthu amangozilemba yekha nchito yoyeretsa, kumanga kansalu kumutu, tsache m'manja, mbewa ndi tizilombo kuthawa. Ali mtsikana anali wamanyazi wosatha kuyankha munthu koma atakalamba mantha onse anatha, amalankhula chomwe waganiza. Amai anaseka mpaka kutsokomola pomwe Sophie amakakamiza Calcifer kuti alole pani pamutu pake, ka motoko kakukana kuti ine sindiphikira munthu, gogoyo osasuntha. Kenaka Howl amalowa nkulanda pani, kuika nyama ya nkhumba ndi mazira, makoko a mazira akuponyera Calcifer iye nkumatafuna mokondwa. Mwana wanga wamng'ono kuyambira tsiku limenelo akafika pa mbaula amafuna kuponyapo makoko a mazira ati akudyetsa Calcifer, ndachita kumuletsa kangapo.

Koma pomwe nyumba yonse inakhala zii ndi pa masitepe a kunyumba ya mfumu. Sophie wapita m'malo mwa Howl yemwe anaitanidwa, mfiti yomwe inamutemberera ija nayo yaitanidwa, ndipo onse ayenera kukwera masitepe ataliatali wapansi, palibe wowathandiza, asilikali angoima ngati mitengo. Sophie wanyamulanso galu wolemera, mfitiyo ndi yonenepa thukuta lili kamukamu ikuchita ngati isungunuka. Palibe ndewu, palibe kuthamanga, ndi azimai awiri okalamba chabe kulimbana ndi masitepe, ndipo Sophie atafika pamwamba amatembenuka nkuyamba kulimbikitsa mdani wake kuti limbikani mufika. Ine ndinayang'ana amai, manja onse awiri anali pa mawondo awo. Sabata yomweyo ndinali nditawagwira mkono pokwera masitepe a kuchipatala, sitepe imodzi kupuma, ina kupuma, anthu akutidutsa. Sindinaganizepo kuti katuni ingandikumbutse zimenezo.

Pambuyo pake Suliman, wamatsenga wamkulu wa mfumu, amailanda mphamvu mfitiyo nkusanduka gogo wofooka wosadziwa kanthu, ndipo Sophie amaitenga kukakhala nayo, kumaidyetsa ndi supuni. Atate a ana apa anakana ati zosatheka, munthu wakuonongera moyo iwe nkumamupatsa phala? Amai anawayankha mwachidule ati nanga mukanamutaya kuti, ndi munthu wamkulu. Mkangano umenewo unapitirira mpaka pa nsima ya Sande.

Manje za buku. Mwana wa akulu anga anaonera ali ndi madandaulo ake ndipo ena ndinawamvetsa. Iye akuti m'buku mulibe nkhondo ya ndege ndi mabomba yomwe yadzaza theka lachiwiri la filimu, imeneyo anaonjezera Miyazaki, ndipo nzodziwika kuti mkuluyu anakwiya ndi nkhondo ya ku Iraq ya 2003 pomwe amapanga filimuyi. M'buku Howl kwao ndi ku Wales, dziko lathu lomwe lino, dzina lake lenileni Howell Jenkins, ndipo chitseko cha chinyumbacho, chomwe chimatsegukira malo osiyanasiyana malinga ndi mtundu womwe wasankha, ukatembenuza mtundu wakuda chimakafika kwao kumeneko, pomwe mufilimu chakudacho chimapita kunkhondo. Sophie wa m'buku nayenso ali ndi mphamvu yake, akalankhula ndi chinthu chimakhala ndi moyo, kamnyamata Markl kophunzira matsenga kwa Howl m'buku ndi Michael wamkulupo ndithu, Suliman m'buku ndi mwamuna pomwe muno ndi mayi. Ndiye iye amati amuchepetsa Sophie nkumukometsa Howl kuti aoneke ngwazi, chikhalirecho m'buku ndi munthu wodzikonda wothawa maudindo. Ine buku sindinawerenge koma ngakhale mufilimu kudzikondako kukuoneka, pali pomwe tsitsi lake lasintha mtundu chifukwa Sophie anasokoneza mabotolo kubafa poyeretsa, mwamuna wamkulu kulira mpaka thupi lonse kutuluka zonanda zobiriwira ati moyo ulibenso phindu ngati sali wokongola. Ana anagubuduka ndi kuseka.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha kumapeto. Maminitsi omaliza zinthu zimathamanga maningi ngati minibasi yomwe ikuthamangira pasenja wa kutsogolo. Nkhani ya mtima wa Howl ndi Calcifer, yoti ali mwana anagwira nyenyezi yakugwa nkuipatsa mtima wake, ndi yokoma koma amaionetsa mwachangu moti wa zaka 11 anandifunsa katatu kuti chachitika nchiyani. Ndiye chidole chija choopsezera mbalame m'munda chomwe chakhala chikudumphadumpha kutsata Sophie filimu yonse, amangochipsompsona basi chasanduka mwana wa mfumu wa dziko loyandikana nalo yemwe anasowa, ati ndikupita kwathu ndikaletse nkhondo, Suliman naye ati chabwino tiithetse. Nkhondo yomwe yaotcha matauni kutha ngati mkangano wa pa mpopi? Ayi, pamenepo sanatichitire bwino. Komanso temberero la Sophie silifotokozedwa kuti latha liti, umangoona nkhope ikusinthasintha, akagona ndi mtsikana, akalankhula molimba mtima makwinya amachoka, akayamba kudzikayikira abwerera. Ine zimenezo ndinazikonda nditazimvetsa, atate a ana anati zawasokoneza mutu.

Zojambula zokha ndiye musachite kufunsa. Chinyumbacho chili ngati mulu wa zitsulo zakale za kwa osula mbaula, machumuni, mapaipi, kamwa ngati ya nsomba, timiyendo tinayi towonda ngati ta nkhuku, chikuyenda m'nkhungu chikufuka utsi, ndipo ngakhale pa laputopu yaing'ono umaona chilichonse chikugwedezeka pachokha. Nyimbo za Joe Hisaishi mwana wa akulu anga waika kale pa foni. Sindinadabwe kumva kuti inapikisana nawo pa Oscar, ngakhale sinawine. Ife tinaonera ya mawu a Chizungu chifukwa ana sakanatha kuwerenga mawu apansi mwachangu, Howl amalankhula ndi Christian Bale, Calcifer ndi Billy Crystal, ndipo amai omwe Chizungu amangotolako apa ndi apo ndimawamasulira pang'ono koma zambiri amamva okha poona.

Kwa ana osakwana zaka 7 ndingati dikirani kaye, pali pomwe Howl amasanduka chimbalame chakuda ndi tianthu tina tonga phula tosungunuka totuluka m'makoma, wanga wamng'ono anabisa nkhope pa chitenje changa kawiri. Kuyambira 9 kupita m'mwamba alibe vuto, bola wamkulu akhale pafupi woyankha mafunso chifukwa abwera ambiri.

Amai abwerera ku Chipata Lachinayi, ndipo dzulo usiku anandiuza kuti ndiwaikirenso pomwe pali masitepe paja asanapite, ati sanaone bwino ngati mai wonenepa uja anafika yekha pamwamba kapena anachita kumukoka.