Makalata 10 a Rilke kwa mnyamata wa zaka 19: kabuku kang'ono koma musakathamangire

Achinyamata anzanga, ngati mwatopa ndi mabuku aja okuuzani kuti chitani izi ndi izi mulemera musanafike zaka 30, pezani kabuku ka mlakatuli Rainer Maria Rilke kotchedwa Letters to a Young Poet. Ndi kochepa zedi, madzulo amodzi mwakamaliza, koma ine ndingati kalata imodzi patsiku basi.

Nkhani yake ndi iyi, mnyamata wina Franz Xaver Kappus anali pa sukulu ya usilikali ku Wiener Neustadt ku Austria koma mtima wake uli pa ndakatulo, ndiye anatumiza zolemba zake kwa Rilke kuti amuuze ngati zili bwino kapena angozisiya. Rilke anayankha ali ku Paris mu February 1903, makalata nkupitilira mpaka 1908, ndipo Kappus anadzawatulutsa ngati buku mu 1929, Rilke atamwalira kale mu 1926.

Chimene chinandigwira mtima nchoti Rilke anakana kumupatsa malikisi. Anamuuza kuti asiye zomafunsa anthu ndi kudandaula magazini akamukana, m'malo mwake adzifunse yekha pakati pa usiku ngati angathe kukhala moyo ataletsedwa kulemba. Kwa ife amene timati tikaika kanthu pa Facebook nkumabwerera mphindi iliyonse kukaona kuti akakonda ndi angati, funso limeneli limabaya ndithu, ndipo silikhudza olemba okha ayi, aliyense amene akusankha chochita pamoyo limupeza.

Komanso wolangizayo sanali gogo wa imvi. Anali ndi zaka 27, ndalama alibe, mpaka anauza Kappus kuti sangakwanitse kugula mabuku ake omwe kuti amutumizire. Mu kalata ina yochokera ku Sweden mu 1904 anachita kunena poyera kuti asaganize kuti womutonthozayo moyo wake ukuyenda myaa, nayenso ali ndi zake. Munthu wotere ndimamukhulupilira. Ndiye pali kanthu kena kamene sindikaiwala, ali ku Rome anatenga ndakatulo imodzi ya Kappus nkuikopera ndi dzanja lake, nkumubwezera kuti aiwerenge ngati yolemba munthu wina. Tangoganizani mnyamatayo akutsegula envulopu nkupeza mawu ake omwe m'kalembedwe ka munthu amene amamusilira! Ulemu umenewo akuluakulu ambiri sapereka kwa ana.

Zofooka zilipo. Rilke amatamanda kwambiri kukhala wekha, ndipo wachinyamata amene akuvutika maganizo akhoza kumva ngati akumuuza kuti adzitsekere m'chipinda, pamene iyeyo akufunika anthu pafupi. Apo sindikugwirizana naye. Za ntchito ndi ndalama ndiye muli zochepa kwambiri, musayembekezere kuti akuuzani momwe mungapezere ya lendi.

China nchoti makope ambiri ali ndi mayankho a Rilke okha, makalata a Kappus mulibe, ndiye zimakhala ngati ukumvetsera munthu akuyankhula pa foni wa mbali inayo osamumva. Ngati mungapeze kope lokhala ndi mbali zonse ziwiri tengani limenelo. Bukuli linalembedwa m'Chijeremani ndipo omasulira alipo angapo, ena Chingerezi chawo ncholimba kwambiri, choncho musanagule yambani mwawerengako kalata yoyamba muone ngati ikutsika bwino.