Dipuloma ya zojambula, digiri, kwa mmisiri kapena kudziphunzitsa: musankhe iti?

Ngati tsiku silikutherani musanagwire pensulo, ndipo mwafika poti mukufuna kuti kujambula kukhale ntchito yanu yeniyeni, muli ndi njira zinayi. Mutha kulowa sukulu ya zaluso n'kutenga dipuloma, mutha kupita ku yunivesite kukachita digiri, mutha kukakhala kwa mmisiri mmodzi n'kumaphunzira m'situdiyo yake, kapena mutha kudziphunzitsa nokha ndi mabuku komanso intaneti. Ambiri akamayerekeza njirazi amangoyang'ana pepala limene munthu amatuluka nalo. Kwa ine pepalalo ndi gawo laling'ono. Wogula chithunzi safunsa satifiketi, amayang'ana chithunzicho. Chofunika kudzifunsa n'chakuti inuyo chikukusowani n'chiyani: malo ndi zipangizo, nthawi, anthu okuuzani zoona pa ntchito yanu, kapena chikalata chokapezera ntchito yolembedwa.

Tiyambe ndi dipuloma, poti ndi imene ambiri amaiganizira poyamba. Kawirikawiri imatenga zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo nthawi yochuluka mumathera m'situdiyo manja ali mbuu ndi makala kapena dongo. Polowa, masukulu ambiri amafuna kuona portfolio, kutanthauza zojambula zanu zosankhidwa bwino, ndipo aphunzitsi odziwa ntchito yawo amakonda kwambiri kutsegula kabuku kanu kojambulamo tsiku ndi tsiku, chifukwa m'menemo ndi mmene mumaoneka maganizo anu asanakonzedwe. Chaka choyamba amakulawitsani zonse: kujambula ndi pensulo, kupenta, kusema, kuumba, kusindikiza, kujambula ndi kamera. Kachitidwe kameneka kanafala kuchokera ku sukulu ya Bauhaus imene Walter Gropius anatsegula ku Weimar, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1919. Kumeneko Johannes Itten ankaphunzitsa kosi yoyambira imene wophunzira aliyense ankayenera kudutsamo, kuti adziwe mitundu, mizere ndi khalidwe la zipangizo asanasankhe mbali yake. Sukuluyo inatsekedwa mu 1933 chifukwa cha ulamuliro wa chipani cha Nazi, koma aphunzitsi ake anabalalikira m'maiko ena n'kupita nayo njirayo. Ubwino wake ndi woti munthu amene anabwera akudziyesa wopenta amatha kuzindikira kuti dzanja lake limamvana ndi dongo.

Chimene dipuloma imapambana nacho njira zina zonse ndi zipangizo. Uvuni wootchera zoumba umene umafika pa madigiri opitirira 1,000, makina osindikizira zithunzi zogoba pa chitsulo, chipinda chowotcherera zitsulo, malo opita mphepo ogwiritsirapo asidi ndi mankhwala osungunulira penti, zonsezi munthu payekha sangazikwanitse m'chipinda chake chogona. Ndiye pali munthu amene sawerengedwa kawirikawiri, amene amayang'anira zipangizozo. Mphika wanu ukaphulika mu uvuni, iyeyo amautola, n'kuuyang'ana posweka, n'kukuuzani kuti munauika usanaume bwino kapena pansi pake panali pokhuthala kwambiri. Penti ya mafuta ikayamba kung'aluka, amakuuzani kuti munapaka yosungunula kwambiri pamwamba pa ya mafuta ambiri isanaume, pamene lamulo lake ndi lakuti ya mafuta ambiri izibwera pamwamba. Zoterezi mukanazidziwa nokha patapita zaka, mutawononga ntchito zambiri.

Komanso pali tsiku lounika ntchito. Mumapachika zithunzi zanu pakhoma, anzanu ndi mphunzitsi amakhala mozungulira, inu n'kukhala chete. Wina amati dzanja la munthu amene mwamujambulayo silikugwirizana ndi phewa. Wina amati mbali ya kumanzere mwaidzadza chifukwa mumaopa kusiya malo opanda kanthu. Zimapweteka, makamaka ngati kwanu aliyense ankangokuyamikirani. Koma mukamva zimenezi mobwerezabwereza, mumayamba kuziona nokha musanauzidwe, ndipo ine ndimati phindu lalikulu la sukulu lili pamenepa.

Zofooka zake ziliponso, ndipo si zazing'ono. Masukulu ena anapendekera kwambiri ku maganizo ndi kufotokoza, moti munthu amamaliza akutha kulankhula bwino za ntchito yake koma osatha kujambula phazi. Ena ali ndi aphunzitsi amene anasiya kalekale kupanga ntchito zawo. Penti, nsalu zopentapo ndi mapepala nthawi zambiri mumagula nokha pamwamba pa fizi. Ndipo si dipuloma iliyonse imene imavomerezedwa mukafuna kukaphunzitsa kapena kupitiriza maphunziro. Musanalipire kalikonse, fufuzani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi bungwe loona za maphunziro m'dziko lake, ndiponso ngati zaka zanuzo zingadzawerengedwe mukadzafuna kukweza kufika pa digiri.

Digiri imatenga zaka zitatu kapena zinayi, ndipo kusiyana kwake kwakukulu ndi kuwerenga ndi kulemba. Mumaphunzira mbiri ya zaluso mozama, mumalemba nkhani zazitali, ndipo pomaliza nthawi zambiri pamakhala kafukufuku. Ojambula ambiri amadandaula kuti zimenezi zimawadyera nthawi ya m'situdiyo, ndipo sakunama. Komabe ndisakubisireni, wojambula wa masiku ano amalemba kwambiri kuposa mmene amayembekezera: makalata opemphera thandizo la ndalama, ofunsira malo pa chionetsero, ndime zofotokoza ntchito yake. Ngati mumalakalaka kudzaphunzitsa, kugwira ntchito m'nyumba zoonetsera zaluso kapena kuchita masters (digiri yachiwiri), digiri ndiyo njira yowongoka. Ngati cholinga chanu n'kupanga ntchito ndi kugulitsa, chaka chowonjezeracho ndi ndalama zake muziganizire kawiri.

Chinthu chimodzi chimene dipuloma ndi digiri zimafanana ndi anzanu a m'kalasi. Mu 1988 waluso wa ku England Damien Hirst, adakali wophunzira ku koleji ya Goldsmiths mu London, anasonkhanitsa anzake n'kukonza chionetsero chotchedwa Freeze m'nyumba imene inangokhala yopanda ntchito, ndipo angapo mwa iwo anadzatchuka kwambiri. Sikuti kalasi iliyonse imatero. Koma amene mukugawana nawo burashi lero ndi amene mawa adzakuitaneni ku chionetsero kapena kubwereka nanu situdiyo imodzi.

Kuphunzira kwa mmisiri ndiyo njira yakale kuposa zonse. Leonardo da Vinci anakulira m'situdiyo ya mmisiri Verrocchio ku Florence, m'dziko la Italy, ndipo Michelangelo analowa kwa Ghirlandaio mu 1488 ali ndi zaka 13. Masukulu anabwera pambuyo: ya ku Florence mu 1563, ya ku Paris mu 1648, Royal Academy ya ku London mu 1768. Kumeneko wophunzira ankayamba ndi kukopera zojambula za ena, kenako kujambula ziboliboli zoyera za pulasitala, ndipo akakhwima m'pamene ankaloledwa kujambula munthu wamoyo. Dongosolo limeneli likadalipo m'masitudiyo otchedwa atelier, monga Florence Academy of Art imene Daniel Graves anayambitsa mu 1991. Kumalo otere mutha kuthera milungu ingapo pa chojambula chimodzi cha makala. Mumabwerera m'mbuyo mapazi angapo, kutambasula dzanja ndi chingwe kapena kamtengo poyeza, kubwerera papepala kukaika kadontho kamodzi, n'kubwereranso m'mbuyo. Amene wadutsa m'menemo amajambula molondola modabwitsa, ndipo pa luso la dzanja palibe dipuloma wamba imene ingafanane nazo.

Vuto ndi lakuti mumatha kutuluka ndi dzanja la mphunzitsi wanu, osati lanu. Mukayang'ana ntchito za ophunzira a m'masitudiyo ena, zimavuta kusiyanitsa kuti ichi anajambula ndani. Nthawi zambiri simupatsidwanso chikalata chovomerezeka. Ndipo ngati ndi mmisiri payekha amene wakutengani, gwirizanani poyambirira kuti ndi maola angati ogwira ntchito yake ndi angati ophunzira, chifukwa ena amasandutsa wophunzira kukhala wantchito wosalipidwa, wongotsuka maburashi ndi kukhula ziboliboli ndi sandipepa chaka chonse.

Za kudziphunzitsa anthu amakonda kutchula mayina akuluakulu. Henri Rousseau ankagwira ntchito yotolera msonkho ku Paris ndipo sanapite ku sukulu ya zojambula. Wosema ziboliboli Auguste Rodin anakanidwa katatu ku École des Beaux-Arts, sukulu yaikulu ya zaluso ya ku Paris. Zoona, koma Rodin anali ataphunzira kale kujambula pa sukulu ina yaing'ono, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri m'masitudiyo a amisiri ena. Vincent van Gogh anakopera mobwerezabwereza zojambula zophunzitsira za Charles Bargue, koma nayenso analowako sukulu ku Antwerp mu 1886, kenako n'kukaphunzira kwa Fernand Cormon ku Paris. Ndi ochepa kwambiri amene anadziphunzitsa okhaokha popanda wowawongolera. Masiku ano maphunziro a pa intaneti ndi ambiri ndipo ena ndi abwino zedi. Njirayi ndi yotsika mtengo, komanso simusiya ntchito imene ikukudyetsani. Chimene chimasowa ndi wokuuzani zoona. Pa Facebook ndi Instagram anthu amayamikira chilichonse chofanana ndi chithunzi cha kamera, ndiye munthu amazolowera kukopera zithunzi za mufoni, osaphunzira kuona chinthu chili patsogolo pake ndi kuya kwake. Ngati mwasankha njira iyi, pezani wojambula wokuposani woti aziona ntchito yanu mwezi ndi mwezi, ndipo muzijambula zinthu zenizeni tsiku lililonse, ngakhale dzanja lanu lomwe lamanzere.

Mutandifunsa kuti wachinyamata amene alibe malo, alibe zipangizo, ndipo sanadziwe mbali imene luso lake lagona asankhe chiyani, ndinganene dipuloma mosazengereza. Amene akudziwa kale kuti akufuna kujambula nkhope ndi matupi a anthu molondola apite kwa mmisiri. Wofuna uphunzitsi apirire digiri.

Koma dipulomayo ikhale ya sukulu imene mwaiona ndi maso anu, chifukwa timabuku totsatsa ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pitani ku chionetsero cha ophunzira a chaka chomaliza. Ngati ntchito zonse zikuoneka ngati za munthu mmodzi, dziwani kuti kumeneko mphunzitsi amaumba anthu m'chifanizo chake. Pemphani kulowa m'situdiyo pa tsiku wamba. Onani ngati wophunzira aliyense ali ndi kangodya kake kosiyapo ntchito yosamaliza, funsani kuti chitseko chimatsekedwa nthawi yanji, uvuni unayatsidwa liti komaliza, ndiponso kuti pa mlungu amajambula munthu wamoyo kangati. Funsani mayina a aphunzitsi n'kukafufuza ntchito zimene apanga posachedwapa. Pezani awiri kapena atatu amene anamaliza pamenepo zaka zingapo zapitazo, muwafunse ngati anaphunzitsidwa kuika mtengo pa ntchito yawo, kuijambula bwino ndi kamera, kulemba mgwirizano ndi wogula komanso kuteteza umwini wa zojambula zawo. Sukulu ikamazemba mafunso amenewa, kafufuzeni ina musanapereke ndalama yanu.